Dzanzi la a Dorika

Anthu a kwathu kuno akafuna kutchula a Dorika amangoti "aja okhota pakamwa aja." Zimandipsetsa mtima, ndisaname. Munthu wakhala nafe zaka zonsezi, wawamba nsomba zodyetsa theka la mudzi, walera ana mpaka akula, inu chimene mwasunga ndi pakamwa basi? Ine ndine Enid, mlamu wawo. Anakwatiwa ndi achimwene anga a Basil, ndipo ndinawadziwa nkhope yawo ikadali yowongoka.

Tonse tinakulira m'mudzi umodzi, kum'mawa kwa nyanja, pafupi ndi mishoni. A Basil ankapita ndi anzawo kukaponya khoka la chilimila, a Dorika n'kumatsala ndi ntchito ya kumtunda: kufutsa usipa, kuuyanika pa thandala, kung'amba kampango ndi kumuwamba. Maso awo ankakhala ofiira chaka chonse chifukwa cha utsi. Mantha ndiye osanena. Ankaopa agalu, ankaopa mphenzi, ankaopa ngakhale bakha akatambasula mapiko. Singano ya kuchipatala ndiye ankangoimvera kutali. Tinkawaseka, iwo n'kumaseka nawo.

Koma Mulungu anawapatsa mawu. M'tchalitchi ndiwo ankayambitsa nyimbo, ndipo akangotsegula pakamwa, ngakhale ife oimba ngati mabelu osweka tinkamveka ngati anthu. Mawu omwewo ndi amene anawaika m'mavuto. Amayi a chipani atawamva, anawaika patsogolo kuti aziyambitsa nyimbo za pa misonkhano. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo ukasankhidwa sunkafunsidwa ngati ukufuna.

Ine ndinkagwira ntchito pa kachipatala ka mishoni. Musandiyese namwino ayi. Ndinkasesa, kuwiritsa singano, kutsuka timbale, ndiponso kugwira mitu ya anthu ozula mano, poti ndili ndi manja a mwamuna. Wotiyang'anira anali bambo Rowland, amene aliyense ankangowatcha adokotala. Munthu wofatsa, wolankhula motsitsa, wokonda kufotokoza zinthu ngakhale kwa wosesa. Ndiwo anandiphunzitsa za mankhwala a dzanzi, amene ankabwera m'timabotolo ting'onoting'ono tolembedwa dzina loti liginokeni. Ankati ululu umayenda mu mtsempha kupita ku mutu, ndiye mankhwalawo amakatseka njirayo kwa kanthawi. Munthu ali maso, akumva kuti ukumukankha ndi kumugwedeza, koma kupweteka sikukufika. M'mabotolo ena ankasakanizamo mankhwala ofinya njira za magazi kuti dzanzilo lisachoke msanga, ndipo amenewo nthawi zina ankathamangitsa mtima. Ankandiuzanso kuti pamene pali mafinya mankhwalawo sagwira bwino, komanso kuti sungamangowonjezera ngati mchere, chifukwa akachuluka munthu amayamba kumva kulira m'makutu kenako n'kuyamba kuphupha. Chimene ankabwereza kwa wodwala aliyense chinali chakuti asatafune kanthu ndiponso asamwe tiyi wotentha mpaka dzanzi litatha, poti mlomo wadzanzi ungaulume osadziwa.

Chaka china, cha m'ma sevente, kunamveka kuti ku boma kubwera nduna. Amayi anayamba kuyeserera nyimbo masana onse, nsomba zikuwola pa thandala. Ndiye pamene dzino la a Dorika linasankha kuvuta, la kunsi kumanzere, la kumapeto kwenikweni. Anaikapo mchere, anaikapo fodya, anatafuna mizu yonse imene anthu anawauza. Tsaya linangotupa. Anapita kwa mayi Jestina, wapampando wa amayi m'dera lathu, kukapempha kuti atsale.

"Nanga nyimbo ayambitse ndani?" anatero mayi Jestina. "Ine ndikakanena kuti mwatsalira dzino, adzandifunsa kuti dzino ndi nduna chachikulu n'chiti. Mundiyankhire inuyo."

Sindikuwanena mayi Jestina kuti anali oipa. Nawonso anali ndi wina pamwamba pawo amene ankawasowetsa tulo.

M'mawa wa tsiku la msonkhano ndinapeza a Dorika atakhala pa khonde la chipatala, atavala kale nsalu ya chipani, ina atakulunga pa mapewa. Inu obadwa dzulo mwina simuidziwa nsalu imeneyo. Inali ndi nkhope ya mwini dziko, yaikulu, yobwerezedwa paliponse. Sunkaikhalira pa nkhopepo, sunkaberekera mwana wotsegula m'mimba, ndipo ikatha sunkaisandutsa chokolopera. Aliyense ankadziwa zimenezo popanda womuuza.

Bambo Rowland atayang'ana m'kamwamo anapukusa mutu.

"Mayi, pali mafinya. Mumwe kaye mapiritsi, chotupachi chiphwe, mubwerenso. Lero mankhwala akhoza kukana."

A Dorika anagwada pa simenti pomwepo. "Adokotala, pakamwapa sipakutseguka. Ndikalephera kuimba kumene kuja, sindidziwa kuti ndikagona kuti. Ndichotsereni, chonde."

Ndinaona bambo Rowland akuyang'ana pazenera. Nawonso anaopa. Akanakana, mawa lake kukanamveka kuti dokotala wa ku mishoni anakana kuthandiza woyambitsa nyimbo za nduna. Chaka chapitacho mphunzitsi wina wa pa sukulu yathu anali atatengedwa pa nkhani yochepa kuposa imeneyo, ndipo mkazi wake anali asanamve kumene ali.

Ndinagwira mutu. A Dorika anatsinzina, zala zawo zitakanirira pa dzanja langa mpaka zikhadabo kulowa. Singano yoyamba inalowa, tinadikira, mlomo unayamba kulemera. Koma chozulira chitangokhudza dzino, anadumpha pa mpando. Mafinya aja anali atagonjetsa mankhwala. Bambo Rowland anatenga yachiwiri. Pakamwa pankangotseguka pang'ono, ndiye ankalowetsa singano mosaona bwino, ndipo inapita mkati kuposa masiku onse. Anakoka kaye pang'ono kuona ngati mulibe magazi, n'kukankha mankhwala. Ulendo uno dzino linatuluka popanda vuto.

Ndikupukuta thukuta pa mphumi pa a Dorika ndi pamene ndinaona. Mbali ya kumanzere ya nkhope inali itagwa. Ngodya ya mlomo inalendewera, tsaya linatsika, ndipo diso linangoti tong'o, osaphethira. Atayesa kulankhula, pakamwa ponse panathawira kumanja.

"Alamu, chachitika n'chiyani?" anafunsa, mawu akutuluka ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Bambo Rowland anayankha ndi mawu odekha. Anati mankhwala afika pa mtsempha wina umene umayendetsa nkhope, ndiye nawonso wagona. Anati zimachitika mwa apo ndi apo, si kupuwala, ndipo dzuwa lisanalowe zonse zibwerera m'malo mwake. Ankafuna kuti agone pa bedi, diso aliphimbe. Asanamalize kunena, lole inaliza hutala kumsewu, ndipo anyamata a chipani a malaya ofiira anayamba kulowa m'makomo kutulutsa amayi. Ngakhale ine wa kuchipatala sindinatsale. Tinakwera tonse, a Dorika atalumira thonje, nkhope ataibisa pa phewa langa.

Titawoloka Shire n'kufika pa bwalo, dzuwa linali litakwera. Anthu anali ngati nyerere, a ku Namwera, a kwa Mponda, ena ochokera ku Chembe komwe. Magulu ankalowa motsatizana kuvina kutsogolo kwa chisakasa cha alendo. Ndinanong'oneza mayi Jestina kuti aike wina patsogolo. Anayang'ana a Dorika, maso awo anatuluka, koma dzina la mudzi wathu linali litaitanidwa kale, ng'oma zayamba.

A Dorika analavula thonje lija n'kuyamba. Mawu anatuluka, okoma ngati kale, koma zimene ankanena sizinkamveka. Ife tinavomera mokweza kuti tiwaphimbe. Poyesetsa kuumba mawu ndi mlomo wakufa, ankauluma osadziwa. Ine ndinali kumbuyo kwawo chapambali, ndipo ndinaona magazi osakanikirana ndi dovu akutsika pa chibwano. Iwo sankamva kanthu mpaka madziwo atafika pakhosi, pamene panalibe dzanzi. Ndiye anachita chimene mayi aliyense wa kuno amachita akamva kunyowa ali pa ntchito. Anakoka nsalu ya pa phewa n'kudzipukuta.

Chimene chinabwera m'dzanja lawo chinali nkhope ya pa nsalu ija. Anapukutira pomwepo, n'kubwerezanso, akuvinabe. Tangoganizani mmene zinaonekera kwa okhala m'chisakasa: mayi ali patsogolo penipeni, pakamwa atapotoza ngati akunyogodola, diso limodzi akuwatong'olera, akupaka malovu ndi magazi pa nkhope ya mwini dziko. Ng'oma imodzi inasiya, kenako inzake.

Sanawamenye pagulu. Nyimbo itatha, anyamata awiri anangowagwira mikono n'kupita nawo kuseri, m'kachipinda kosungiramo mipando. Mayi Jestina anaitanidwa monga wapampando, ine monga wachibale. M'menemo munali bambo wina wa chipani wa ku boma, wa suti yakuda, wamfupi, wolankhula mwaulemu kwambiri. Ulemu wakewo ndi umene unkandiopsa. Anatenga nsalu ija n'kuiyala pa tebulo, magazi ali poonekera.

"Amayi, tandiuzeni. Munatumidwa ndi ndani?"

A Dorika anayesa kuyankha koma panangotuluka phokoso. Mayi Jestina ndiwo analumphira. "Bwana, ndi matenda. Agwa mbali. Zawayamba m'mawa uno tili m'njira. Mayiyu ndi wokhulupirika, waimba misonkhano yonse."

Bamboyo anatembenukira kwa ine. "Ndamva kuti inu mumagwira ntchito kuchipatala. N'zoona zimenezi?"

Mudzafunsa kuti bwanji sindinangonena za jekeseni. Mukanakhalapo simukanafunsa. Kunena za jekeseni kunali kunena kuti a Dorika anasankha tsiku la nduna kukazula dzino, ndiponso kuti dokotala wa ku mishoni ndiye anapotoza pakamwa pa woyambitsa nyimbo. Akanatengedwa awiri m'malo mwa mmodzi. Komanso ndani akanakhulupirira? Theka la anthu pa bwalo lija anali atazulitsapo mano, ndipo palibe amene diso lake linakanapo kutseka. Ndinangoti, "Eya bwana, mbali imeneyo sikumva kanthu."

Bamboyo anachotsa baji pa jekete lake, n'kuwongola kaphini ka kumbuyo. Anagwira chibwano cha a Dorika n'kubaya pansi pa mlomo, kumanzere. Kadontho ka magazi kanatuluka. Iwo sanagwedezeke, chifukwa sanamvedi.

"Chabwino," anatero. "Matenda amenewa ndimawadziwa, amalume anga anafa nawo. Nkhope ikagwa siidzuka tsiku lomwelo. Mukhale muno mpaka msonkhano uthe. Ndikabwera n'kupeza pakamwapa pawongoka, ndidziwa kuti munkachita dala, ndipo simubwerera pa lole imene munabwerera."

Anatuluka ndi mayi Jestina, n'kusiya mnyamata mmodzi pakhomo panja. Ine ndi mlamu wanga tinayang'anana. M'mawa mawu a bambo Rowland akuti zonse zitha dzuwa lisanalowe anali otitonthoza. Tsopano anali chinthu choopsa kuposa china chilichonse.

M'kachipindamo munkatentha, malata ali pafupi ndi mutu. Kunja nduna inkalankhula pa chimkuzamawu, anthu akuwomba m'manja. Sindinapempherepo za kutalika kwa zolankhula za munthu, koma tsiku limenelo ndinkapempha kuti afupikitse, bamboyo abwere msanga mankhwala asanathe. Nduna sinafupikitse. Patapita nthawi a Dorika anandikoka mkono.

"Alamu," ananong'ona, "mlomowu ukuyabwa. Ngati mukuyenda tinyerere."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Dzanzi likamachoka limayamba choncho. Kenako ndinaona chikope cha kumanzere chikugwedezeka, n'kutsika pang'ono, n'kuphethira. Ndinavula duku langa n'kuwamanga pa disolo mozungulira mutu, monga timachitira kuti fumbi lisalowe m'diso losatseka. Diso tinalibisa, koma pakamwa sitikanapamanga.

"Mupagwire nokha," ndinawauza. "Mukokere kumanja, uku mulekerere. Malovu asiyeni azituluka, musameze."

Anayesa. Poyamba zinkaoneka zonamizira, ngati mwana akuseka mnzake. Ndinawakonza ndi zala zanga, apa tsitsani, apa musalimbitse. Ankalira, misozi ikunyowetsa duku. Chibowo cha dzino nacho chinayamba kupweteka, mlomo wolumidwa uja unatupa, ndipo zonsezo ankazimva tsopano.

"Akabweranso ndi kaphini kaja?" anafunsa.

Ndinangowagwira dzanja.

Bambo uja anabweradi nako. Malole anali atayamba kulira panja. Anafunsa za duku, ndinafotokoza, anagwedeza mutu. Anayang'anitsitsa pakamwa paja nthawi yaitali, akuyenda uku ndi uku. Kenako anachotsa baji. Ine ndinaima kumbuyo kwa a Dorika n'kugwira mutu wawo monga ndinkachitira kuchipatala, ngati ndikumuthandiza iyeyo. Pansi pa zikhatho zanga ndinkamva mitsempha ya m'mutu mwawo ikugunda. Munthu amene ankathawa bakha, amene m'mawa womwewo anandiboola dzanja ndi zikhadabo chifukwa cha singano, anakhala chete pamene kaphini kankalowa mu mnofu wamoyo. Bamboyo sanachotse msanga. Anakatembenuza pang'ono, akuwayang'ana m'diso lotsalalo. Nkhope sinasunthe. Zala za kumapazi zokha ndi zimene zinapindika m'fumbi, ndipo iye sanayang'ane pansi.

"Ndi matendadi," anatero, akupukuta kaphini pa mpango. "Pepani amayi. Pitani mukagone kuchipatala. Kwanuko ndimadutsako kawirikawiri, ndipo ndili ndi anthu ondiuza za odwala anga. Ndizifunsa za inu."

Tinakwera lole. Amayi onse ankawayang'ana, ena mwachisoni, ena mofufuza. Sanawongole pakamwa m'njira monse. Sanapawongole pofika m'mudzi, ngakhale mawa lake pa mjigo, ngakhale Lamulungu m'tchalitchi. Nanga akanadziwa bwanji amene ankatumiza mawu ku boma? Akanakhala woyandikana nawo nyumba, akanakhala wogula nsomba. Diso a Dorika analimasula patapita milungu, anthu n'kumati Mulungu wachitako chifundo, poti odwala otere nthawi zina diso limabwerera. Pakamwa ankaopa kupawongola. Mwezi unatha, chaka chinatha, ndipo kuchira kunayamba kuoneka koopsa kuposa kale, chifukwa aliyense anali atazolowera kuti a Dorika ndi opuwala.

Odziwa tinali anayi: iwo, ine, a Basil ndi bambo Rowland, amene kuyambira tsiku limenelo sanazulenso dzino la munthu wotupa tsaya ngakhale agwade chotani. Ana sanauzidwe. Mwana amayankha chilichonse akafunsidwa ndi munthu wamkulu womwetulira. Wotsiriza, Marita, anali woyamwa nthawi imeneyo, ndipo anakula akudziwa kuti amayi ake ndi mmene alili.

Kuimba kunatha. Chipani chinapeza wina, ndipo m'tchalitchi a Dorika ankakhala kumbuyo n'kumangogwedeza mutu, poti munthu sangaimbe bwino pakamwa atapakhotetsa, ndipo akaiwala n'kuimba bwino ndiye kuti wadziulula. Ntchito ya nsomba sanaisiye. Ankakonda kuwamba kuposa kale, ndipo ndinazindikira chifukwa chake mochedwa: mu utsi wa kampango palibe amene amakuyandikira, ndiye m'menemo ankapumitsa nsagwada. Ankadwala mutu pafupipafupi. Pa maliro a achimwene anga analira pakamwa pali pokhota, anthu akuwayang'ana. Ine zinkandiwawa, ndipo nthawi zina ndinkawakalipira kuseri kuti bambo uja mwina anasamutsidwa kale, mwina anafa. Ankangoti, "Mwina. Nanga anthu ake aja?"

Tsiku lina masana, Marita ali kale namwali, mzere wa odwala utatha, a Dorika analowa m'chipinda chimene ndinkawiritsiramo singano. Anatseka chitseko, n'kuyang'ana pazenera. Kenako anamasula nkhope. Ndinatsala pang'ono kugwetsa mbale. Ndinali nditaiwala kuti mlamu wanga ndi wokongola. Anali atakalamba, mbali imodzi ili ndi makwinya ambiri kuposa inzake, koma anali iwowo, ndipo mawu anatuluka oyera ngati kale.

"Alamu, mankhwala aja alipobe?"

"Ati? A dzanzi? Alipo. Dzino linanso?"

"Ayi, mano ali bwino." Anakhala pa benchi, akusisita nsagwada ndi chikhatho. "Ndatopa kuigwira. Muwapemphe adokotala andibaye pamene anabaya paja, igwe yokha. Ndipumeko masana amodzi okha."

Ndinkafuna kuwauza kuti zija zinali ngozi, kuti palibe dokotala angabaye munthu dala pamenepo. Koma ndinangokhala pambali pawo, madzi akuwira pa sitovu.

Pakhonde panamveka mapazi. Chitseko chisanatseguke n'komwe, pakamwa paja panali patabwerera kale kumanja. Anali Marita, atabwera kudzanena kuti ogula usipa afika.

"Pita, mwanawe," anatero a Dorika ndi mawu olemera aja. "Uwauze kuti ndikubwera."